Akamavutika kucheza ndi anthu: onani izi kaye musananene kuti ndi mwano

Funso ili ndalimva kambirimbiri moti ndaona kuti bola ndingolemba zonse pamodzi. Limabwera mosiyanasiyana koma ndi limodzi lomwelo: "mwana wanga amayankhula bwinobwino koma sadziwa kucheza ndi anzake", "alendo akabwera amangoti zii ngati wina wamutseka pakamwa", "amuna anga amadula anthu pakamwa mpaka ndimachita manyazi", kapena munthu kudzinenera yekha kuti "ine ndikakhala pagulu mawu amandithawa". Ndipo pafupifupi nthawi zonse munthu amabwera atagamula kale mlandu, ati ndi mwano, ati ndi kudzimva, ati ndi ulesi. Chimene ine ndaona nchakuti khalidwe limakhala kumapeto kwenikweni kwa mndandanda, patsogolo pamakhala makutu, mantha, ndi changu chathu akuluakulufe.

Kudziwa mawu ndi kudziwa kucheza ndi zinthu ziwiri. Kucheza kumafuna kuti udziwe kupereka moni, kupempha, kukana, kupepesa, udziwenso kusintha kayankhulidwe malinga ndi amene uli naye (agogo sungawayankhule ngati mng'ono wako, "iwe" ndi "inu" ali ndi malo ake), nde palinso timalamulo tosalembedwa paliponse monga kupatsana mpata, kusachoka pa nkhani, kubwereza mwa njira ina mnzako akapanda kumva. Ndipo zonsezi zimathamanga zedi. Mu 2009 ofufuza atayeza macheza m'ziyankhulo 10 zosiyana anapeza kuti kuchokera pamene funso lathera kufika pamene yankho layambira pamadutsa pafupifupi mamilisekondi 200, kuphethira kwa diso basi. Nde ganizirani mwana amene makutu ake akumva theka, kapena munthu amene mtima ukumugunda ndi mantha, alowa bwanji pa kampata kameneko.

Musanakonze chilichonse, tengani sabata imodzi muzingolemba mu foni kapena m'kope: vuto lachitikira kuti, anali ndi ndani, kunali phokoso kapena ayi, anali atatopa kapena ayi. Vuto likamachitika malo amodzi okha, kawirikawiri pali china chake pamalopo. Likamachitika paliponse ndi aliyense, pamenepo mpofunika kuyang'ana mwakuya.

## 1. Mwana wamng'ono satembenuka mukamuitana, saloza, sabayibitsa

Ana ambiri akamafika miyezi 9 amatembenuka akamva dzina lawo, pa miyezi 12 amabayibitsa, ndipo pofika miyezi 18 amaloza chinthu kuti nanunso muchione, osati kuti mumupatse ayi, kungofuna kuti muonere limodzi. Kuloza kumeneku ine ndimakuyang'ana kwambiri kuposa kuwerenga mawu amene mwana akudziwa. Galu wadutsa, mwana waloza, kenako watembenuka kukuyang'anani kumaso ngati akuti "mwaona?". Macheza amayambira pamenepo, mawu amadzabwera pambuyo.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

- Watengeka ndi masewera, kapena dzina lake limatchulidwa tsiku lonse pomuletsa zinthu mpaka linasanduka phokoso wamba.
- Madzi m'khutu, makamaka akadwala chimfine. Awa amakhala kuseri kwa nembanemba ya khutu, nthawi zambiri sapweteka, satulutsa mafinya, mwana amangomva ngati ali pansi pa madzi, lero akumva mawa sakumva. Kawirikawiri amatha okha pa miyezi itatu koma ena amakhalitsa.
- Macheza obwezerana akuchepa, mwana amakhala maola ambiri pa TV kapena pa foni.
- Vuto lokhalitsa la makutu, autism (kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka ena, kamene kamakhudza kucheza ndi kumvana ndi anthu), kapena kuchedwa kukula pa zinthu zambiri nthawi imodzi.

Poyesa, zimitsani TV, khalani kumbuyo kwake pafupifupi mita imodzi, muitaneni ndi mawu a nthawi zonse, ndipo chitani izi masiku angapo osiyana. Koma musadalire kwambiri zoyesa za pakhomo. Kuomba m'manja kumanamiza chifukwa mwana amamva kamphepo kapena amaona chithunzithunzi chanu, komanso mwana amene amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka akhoza kukhalabe wosamva timawu tating'onoting'ono ta m'kuyankhula. Makutu amayezedwa ndi makina kuchipatala, ndipo amayeza olo khanda la masiku ochepa.

Zochita: khalani pansi maso anu alingane ndi ake, lowani m'masewera amene iyeyo wasankha, musamulande kuti muyambitse anu. Akamenya chikho inunso menyani, akati "ba" inunso "ba", kenako dikirani. Kugubuduzirana mpira, kubisa nkhope nkutulukira, zonse za "iwe, kenako ine" ndi sukulu ya macheza. Malangizo a 2019 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mwana wosakwana zaka 2 asamakhalire kuonera sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Ndipo ndiwonjezere, foni yathu ifeyo imawerengedwanso. M'zaka za m'ma 1970 Edward Tronick anaonetsa kuti mayi akangoumitsa nkhope kwa mphindi zochepa, khanda limayesa kumwetulira, kutambasula manja, kukuwa, kenako limatembenukira kumbali nkuyamba kulira. Nkhope ya munthu amene akuwerenga meseji siisiyana kwenikweni ndi imeneyo.

Siyani kuyesa nokha, pitani kwa dokotala ngati:

- pa miyezi 12 satulutsa timawu ta ba-ba, ma-ma, ndipo saloza kapena kubayibitsa
- pa miyezi 16 alibe mawu olo amodzi
- pa miyezi 24 salumikiza mawu awiri mwa iye yekha
- anali ndi mawu kapena ankacheza koma wasiya, pa msinkhu uliwonse

Chomalizachi musadikire nacho olo sabata. Ndipo wina akakuuzani kuti "anyamata amachedwa, angoyamba yekha" kapena kuti vuto ndi ziyankhulo ziwiri za pakhomo, musatsekeke nazo maso. Ziyankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana kuyankhula.

## 2. Kunyumba amalongolola, kunja amangoti zii

Ili ndi limene limandikhudza kwambiri chifukwa ana otere amakalipiridwa pa chinthu chimene sakuchitira dala.

- Choyamba ndi manyazi wamba. Mwana amafuna mphindi 10 kapena 20 kuti azolowere, mukamusiya amayamba yekha.
- Chachiwiri, kusukulu akugwiritsa ntchito chiyankhulo chimene sanachizolowere. Ana ambiri amakhala kaye chete kwa kanthawi akumvetsera.
- Chachitatu, wina anamuseka. Mwina ndi chibwibwi, mwina katchulidwe ka mawu, mwina anayankha molakwa kalasi yonse nkuseka.
- Chachinayi ndi selective mutism, vuto la nkhawa limene mwana amalephereratu kutulutsa mawu pamalo ena pomwe kwina amayankhula bwinobwino. Kawirikawiri limayamba asanakwane zaka 5 koma limaonekera akayamba sukulu.

Kusiyanitsa kwake nkwakuti wamanyazi amasungunuka pang'onopang'ono, pomwe wa selective mutism ali ndi malire amene sasuntha: ndi amayi m'nyumba nyimbo mpaka usiku, akangodutsa geti la sukulu thupi gwa, nkhope yopanda kanthu, ena mpaka amadzikodzera chifukwa sangathe kupempha kupita kuchimbudzi. Madokotala amayamba kuliganizira likapitirira mwezi umodzi, osawerengera mwezi woyamba wa sukulu.

Ndinaonapo kamtsikana ka zaka 5 kakuimitsidwa kutsogolo kwa kalasi, aphunzitsi atawerama akuti "tangonena moni basi, moni yekha", ana onse maso pa iye. Mapewa ake anakwera kufika m'makutu, zala zikupotokola m'mphepete mwa diresi, milomo ikugwedezeka koma mawu osatuluka. Aphunzitsiwo sanali oipa mtima, ankaganiza kuti akumulimbikitsa. Chimene chinadzathandiza chinali chosiyana kotheratu: amayi ake ankabwera ana onse ataweruka, nkukhala naye pakona m'kalasi mopanda anthu akusewera gemu yowerenga timiyala mokweza, aphunzitsi atakhala kunja kwa chitseko akuchonga makope. Patapita masiku anakhala pakhomo penipeni, kenako m'kati koma atatembenuka msana, kenako pafupi, mpaka tsiku lina anangolowa m'gemu nkuti "ndikatha ine, ndi iwe", kamwana nkuti "folo" osazindikira nkomwe kuti kayankhula. Ndipo chofunika kwambiri, palibe anaomba m'manja. Anangopitiriza gemu ngati palibe chachitika.

Nde zochita ndi izi:

- Lekani kumukakamiza moni pagulu, lekaninso kumulonjeza mphatso akayankhula, zonsezi zimakulitsa mantha.
- Musamutchule "wamanyazi" iye akumva. Wina akafunsa ingonenani kuti "ayankhula akazolowera".
- Lolani kugwedeza mutu, kuloza, kunong'ona. Ndi masitepe opita ku mawu.
- Muuzeni poyera kuti mukudziwa kuti mawu amamukanirira pakhosi, si mlandu wake, ndipo zidzapepuka pang'onopang'ono.
- Itanirani mnzake mmodzi kunyumba, mmodzi yekha, kumene iye ali womasuka.

Funani katswiri wa zamaganizo a ana kapena speech therapist (katswiri wothandiza pa mavuto a kayankhulidwe) ngati padutsa mwezi woposa umodzi asakuyankhula kusukulu, kapena ngati sakudya, sakupita kuchimbudzi, akukana sukulu. Kudikira kuti "akula nazo zitha" kumangolimbitsa chizolowezi cha kukhala chete.

## 3. Mukamufunsa amachedwa, kapena amangoti "kaya"

Apa chofala kwambiri ndi ifeyo. Mary Budd Rowe, amene ankafufuza za kaphunzitsidwe m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi basi nkubwereza kapena kuloza wina, koma akadikira masekondi atatu kapena kuposa mayankho ankatalika ndipo ana amene ankakhala chete ankayamba kuyankha. Kunyumba ndi chimodzimodzi, timafunsa, tisanapume tafunsanso mwa njira ina, mwana amene anali pakati pomanga yankho ayambirenso. Chachiwiri ndi funso lalikulu kwambiri, "kusukulu kunali bwanji" ndi funso lovuta olo kwa wamkulu. Chachitatu akuopa kulakwa chifukwa kulakwa kumabwera ndi kukalipiridwa. Chachinayi ndi vuto lomvetsa chiyankhulo kapena la makutu.

Yesani kufunsa kamodzi nkuwerenga mumtima mpaka 10, nkhope yanu ili yodikira osati yotopa. Chepetsani funso: "pa buleki unasewera ndi ndani?" Kapena yambani inuyo kufotokoza za tsiku lanu, ana ambiri amalowerera okha, makamaka mukuyenda kapena mukugwira kantchito limodzi osayang'anizana. Ngati mwachita izi milungu ingapo koma akulepherabe kutsatira malangizo a masitepe awiri amene anzake a msinkhu wake amatsatira, kayezetseni makutu kaye kenako mukaonane ndi speech therapist.

## 4. Amadula anthu pakamwa, salekera mnzake mpata

Ili ndi la ana ndi akuluakulu omwe.

- Msinkhu. Wa zaka 3 kapena 4 sangasunge ganizo m'mutu nthawi yaitali, kwa iye likabwera liyenera kutuluka pompo.
- Ndi mmene pakhomo pamayankhulidwira. Ngati aliyense amalowa pamwamba pa mnzake, mwana waphunzira kuti wodikira samveka.
- Kuopa kuiwala, kapena chisangalalo chabe. Akuluakulu ambiri odula anzawo amaganiza kuti akuonetsa kuti nkhani yawakoka.
- ADHD (vuto lolephera kukhazikika, kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kudzigwira), ngati kudulako kukuyendera limodzi ndi kulephera kudikira pamzere, kutaya zinthu, kusamaliza ntchito, ndipo zikuchitika kunyumba ndi kusukulu kapena kuntchito komwe.
- Makutu. Munthu amene sakumva bwino sazindikira kuti wina wayamba kale kuyankhula, ena amangoyankhula okhaokha kuti asafunike kumvetsera.

Kwa mwana, gwirizanani kachizindikiro muli awiri, osati mkati mwa mkangano. Akafuna kuyankhula inu muli pa nkhani azigwira mkono wanu, inu muike dzanja lanu pamwamba pa lake kusonyeza kuti mwamva, nde poyamba musamudikiritse kupitirira masekondi 10, mukamusiya mphindi zisanu chizindikirocho chafa tsiku lomwelo. Muzionjezera pang'onopang'ono. Akadikira muuzeni chenicheni chimene wachita bwino, "wadikira mpaka ndamaliza, zikomo", osangoti "wachita bwino".

Kwa wamkulu, pa miting'i khalani ndi kapepala, ganizo likabwera lembani mawu awiri mmalo molitulutsa. Mnzanu akasiya kuyankhula pumani kamodzi musanayambe, chifukwa nthawi zambiri amakhala akungomeza malovu, sanamalize. Mukapezeka mwadula, musachite kupepesa kwa mphindi yonse, ingoti "pepani, malizani" nkutseka pakamwa. Ngati ndi amuna anu kapena akazi anu amene ali ndi vutoli, kuwadzudzula pagulu sikuthandiza, kambiranani muli awiri nkupangana kachizindikiro kanu.

Kaonaneni ndi dokotala ngati vutoli lakhalapo kuyambira ubwana ndipo likuwonongetsa ntchito, sukulu kapena banja.

## 5. Amangokamba nkhani imodzi, saona kuti anzake atopa, nthabwala amazitenga ngati zoona

Poyamba onani msinkhu. Pali kayesedwe kotchuka kamene kanayamba mu 1983: chidole chaika chinthu m'bokosi nkutuluka, wina wasamutsira chinthu chija kwina, nde mumafunsa mwana kuti chidole chija chikabwera chikayang'ana kuti. Ana ambiri a zaka 3 amaloza malo atsopano chifukwa kwa iwo chimene akudziwa iwowo aliyense akuchidziwa, akamafika zaka 4 kapena 5 mpamene amaloza bokosi loyamba. Nchifukwa chake mwana wamng'ono amayamba nkhani pakati, "nde anamugwetsa uja", inu osadziwa kuti uja ndi ndani. Zimenezo si vuto. Mufunseni mwachikondi kuti "ine kunalibe, uja ndani?"

Akapitirira msinkhu umenewo, zoyambitsa ndi izi:

- Palibe anamuuzapo. Timalamulo ta macheza timayembekezera kuti mwana angotola yekha, ena satola.
- Nkhawa. Nkhani imene akuidziwa bwino ndi pamalo pamene amamva kuti ndi otetezeka.
- Autism, makamaka ngati palinso kukonda kuti zinthu zizichitika mwa ndondomeko imodzimodzi, kuvutika ndi phokoso kapena zovala zina, kubwereza mawu a m'makatuni.
- Vuto la macheza lokha popanda zina zija. Buku la madokotala a zamaganizo la DSM-5 linalipatsa dzina lakelake mu 2013, social communication disorder, ndipo kawirikawiri silitchulidwa mwana asanakwane zaka 4.

Chimene chimathandiza ndi kunena poyera zimene ena amangoziona. "Mnzako akamayang'ana kumbali, akuyasamula, akungoti eee eee, ndiye kuti akufuna ayankhuleko." Mupatseni lamulo logwirika: nena zinthu ziwiri za magalimoto, kenako funsa funso limodzi. Yeserani kunyumba ngati sewero, musinthane, inuyo mukhale wolongolola iye aone mmene zimamvekera. Onerani kavidiyo mawu mutazimitsa muzifunsana kuti uyu akumva bwanji, waona chani pankhope pake. Palinso tinkhani tatifupi tofotokoza chimene chimachitika pamalo ena ndi chifukwa chake, njira imene Carol Gray anayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mukhoza kulemba nokha mizere isanu ndi zithunzi za mwana wanu yemweyo. Inunso yankhulani molunjika. Mukati "kodi nsapatozi zikhala pamenepa mpaka liti?" iye akhoza kuyankha moona mtima kuti "sindikudziwa", inu nkupsa mtima, pomwe mukanangoti "chotsa nsapato pakhomo" zikanatha.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Musamugwire chibwano kuti akuyang'aneni m'maso. Anthu ambiri a autism amanena kuti kuyang'ana m'maso kumawasokoneza moti samvanso zimene mukunena, ndipo kukhala tsiku lonse ukudzionetsa ngati munthu wina kumatopetsa koopsa. Chofunika nchakuti asonyeze kuti akumva, kaya ndi kutembenuza thupi, kaya kuyankha. Damian Milton, wofufuza amene nayenso ali ndi autism, analemba mu 2012 kuti kusamvana kumachokera mbali zonse ziwiri, ifenso timalephera kuwawerenga iwowo. Nde ntchito isakhale ya mwana yekha. Azibale ake ndi anzake a m'kalasi aphunzirenso kumuuza bwinobwino kuti "tsopano ndi nthawi yanga" mmalo momuthawa. Ndipo nkhani yake ija musaiphe, mupezereni anzake okonda zomwezo, ubwenzi wambiri umayambira pamenepo.

Kwa katswiri ngati alibiretu mnzake koma akumufuna, akuzunzidwa ndi anzake, kapena mukuona zizindikiro za autism.

## 6. Chibwibwi chamuchititsa kusiya kucheza

Mwachidule. Chimayamba kawirikawiri pakati pa zaka 2 ndi 5, pafupifupi ana 5 mwa 100 amadutsamo, ambiri chimatha, ndipo pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 100 amakhala nacho. Sichibwera chifukwa choti makolo analakwitsa. Musamumalizire mawu, musamuuze kuti "puma kaye, yankhula pang'onopang'ono", inuyo ndi amene muchepetse liwiro lanu ndipo mumvetsere zimene akunena. Chikapitirira miyezi 6, kapena akuchita kulimbana nacho mpaka kutsinzina ndi kugwedeza mutu, kapena wayamba kupewa kuyankhula, kapena pabanja pali wina amene ali nacho, pitani kwa speech therapist.

## 7. Wamkulu: pagulu mawu amathawa, usiku tulo osabwera poganiza zimene mwanena

- Kusowa pulakatisi. Munthu amene wakhala nthawi yaitali payekha, kaya chifukwa cha matenda, ulova, kulera mwana kapena ntchito ya pa kompyuta, luso limachita dzimbiri.
- Maganizo onse ali pa inu mwini: mawu anga akunjenjemera, manja ndiaike pati, andiona kuti ndikutuluka thukuta. Mutu ukadzaza zimenezi simumva zimene mnzanu akunena, nde yankho lichokera kuti.
- Social anxiety, mantha aakulu oweruzidwa ndi anthu. Kawirikawiri amayamba munthu ali ndi zaka za m'ma 13.
- Makutu. Ngati mumacheza bwino ndi munthu mmodzi pamalo a phee koma pagulu mumangomwetulira osamva, kayezetseni. WHO imati anthu pafupifupi 430 miliyoni padziko lonse ali ndi vuto la kumva lofunika thandizo, ndipo ambiri limawabwerera pang'onopang'ono osazindikira.
- Kuvutika maganizo, ngati mwasiyanso kusangalala ndi zimene munkazikonda.

Pali kafukufuku wa 2018 amene ndimakonda kuuza anthu a vutoli. Anthu osadziwana anachezetsedwa, kenako aliyense anafunsidwa kuti mnzakeyo wamukonda bwanji komanso akuganiza kuti iyeyo wakondedwa bwanji. Mobwerezabwereza anthu ankadzichepetsa, anzawo anali atawakonda kuposa mmene iwo ankaganizira. Nde mlandu umene mumadziimba pabedi uja mboni zake sizikugwirizana nawo.

Zochita, yambani pang'ono zedi ndipo tsiku lililonse: moni ndi funso limodzi kwa munthu amene mumakumana naye kale. Tulutsani maganizo kunja, dzipatseni ntchito yoti pomaliza macheza mukhale mutadziwa zinthu ziwiri zatsopano za munthuyo. Musaloweze ziganizo, gwirani mawu amodzi pa zimene wanena nkufunsa za amenewo, akati "ndangobwera kumene kuchokera kwa achemwali anga" funso lili pomwepo. Koma musasandutse macheza kukhala kufunsa mafunso okhaokha, nanunso ikanipo kanthu kanu. Konzeranitu mawu otsanzikira, "ndasangalala kucheza nanu, ndikaone kaye uko", chifukwa anthu ambiri amaopa kuyamba macheza poti sadziwa kuti akatulukamo bwanji. Ndipo timachitidwe todzitetezera monga kuyang'ana pa foni kapena kukhala pafupi ndi chitseko, tisiyeni kamodzikamodzi, timapepuza lero koma timasunga mantha.

Funani thandizo ngati manthawa atha miyezi 6 kapena kuposa, mukukana ntchito, maphunziro kapena maintavyu chifukwa cha iwo, kapena mwayamba kudalira mowa kuti muthe kuyankhula. Chithandizo cha CBT, chokambirana ndi katswiri kuti musinthe kaganizidwe ndi kachitidwe kanu, chimagwira ntchito bwino pa vutoli.

## 8. Anthu amati mumayankhula mokalipa, kapena mameseji anu amamveka mwano

Chofala ndi chizolowezi ndi kutopa, kenako meseji yokha, imene ilibe nkhope ilibe mawu moti "chabwino" akhoza kumveka ngati mwakwiya. Kenako makutu, chifukwa ena osamva bwino amakweza mawu osadziwa. Funsani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira akupatseni chitsanzo chenicheni, tsiku lake ndi mawu ake, nde mumve osadziteteza. Nkhani iliyonse yokhudza mtima imbani foni kapena kumanani, musailembe. Ndipo mnzanu akamadandaula, funsani kaye ngati akufuna maganizo anu kapena akungofuna mumumvere.

## 9. Wasintha, sanali chonchi

Apa palibe zoyesera kunyumba.

Thamangirani kuchipatala pompo ngati:

- mawu akukokeka kapena sakumveka, pakamwa papotoka, dzanja kapena mwendo wafooka mbali imodzi. Zimenezi ndi zizindikiro za sitiroko, ndipo mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa kawirikawiri m'maola 4 ndi theka oyamba, nde lembani nthawi imene zayambira. Olo zitasiya zokha patapita mphindi zochepa, pitanibe.
- wasokonezeka mwadzidzidzi, makamaka wokalamba kapena amene watentha thupi
- wasintha kayankhulidwe atamenyetsa mutu
- akunena zofuna kudzipha kapena kuti palibe chifukwa chokhalira moyo. Musamusiye yekha.

Kaonaneni ndi dokotala posachedwa ngati:

- munthu waulemu wayamba pang'onopang'ono kunena zochititsa manyazi, sakumveranso chisoni anthu, koma sakuiwala zinthu. Pali mtundu wa dementia (matenda ofooketsa ubongo pang'onopang'ono) wogwira mbali ya kutsogolo kwa ubongo umene umayamba chonchi, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 65, ndipo mabanja ambiri amatha zaka akukangana naye poganiza kuti ndi dala.
- mwana amangoima tso kwa masekondi ochepa pakati pa chiganizo, mukamugwira sayankha, kenako nkupitiriza ngati palibe chachitika. Pali khunyu lina losagwetsa.
- mwana wolongolola wangokhala chete, akuopa munthu wina wake kapena malo ena ake, wayambanso kukodza pogona. Mufunseni modekha muli awiri, mukhulupirireni, ndipo ngati mukukayikira nkhanza kauzeni achipatala kapena oteteza ana.

Munthu amene mawu amutayika chifukwa cha sitiroko, vuto limene amalitcha aphasia, nzeru zake zilipo. Muziyankhula ndi iyeyo osati ndi amene wamuperekeza, funso limodzi nthawi imodzi, mumupatse pepala ndi cholembera kapena zithunzi zoti aloze.

## Mukamapita kwa katswiri tengani izi

Kope lija la sabata imodzi, kavidiyo kakafupi ka pa foni koonetsa mmene amachitira kunyumba (kwa mwana wosayankhula kunja kameneka nkofunika zedi chifukwa dokotala sadzamumva), zimene aphunzitsi kapena anzake a kuntchito aona, mankhwala amene akumwa, ndi mbiri ya matenda a makutu kapena kuvulala mutu. Pemphani kuti makutu ayezedwe poyamba olo mukuona ngati amamva bwinobwino. Ndipo ngati mwapatsidwa tsiku lakutali, funsani zimene mungamachite kunyumba podikira, komanso zizindikiro zimene zikaoneka mubwerenso tsikulo lisanafike.